Malemu Allan Namoko, Katswiri wa Banjo

Ambiri a ife kuno ku Chonde tidamva mawu a Allan Namoko pa wailesi ya MBC, koma amwayi ndi amene adawaona ndi maso akuimba. Bambo ameneŵa adabadwa m'chaka cha 1956, ndipo kwawo kunali ku Thyolo, pafupi nafe pompa. Anali osaona, komabe zala zawo zinkadziŵa nsambo iliyonse ya banjo. Akayamba kuimba ndi gulu lawo la Chimvu River Jazz Band, anthu ankaunjikana, ena kuvina, ena kungoti kakasi. Ankaimba m'Chicheŵa ndi m'Chilomwe momwe. Nyimbo yawo ya Ana Osiidwa idatikhudza kwambiri ife amayi, pajatu olera ana amasiye ndife. Adamwalira m'chaka cha 1995, asanakwanitse zaka 40.