Thomas More Woyera, Nduna Imene Idakana Kulumbira

Thomas More adabadwira mu mzinda wa London, ku Mangalande, m'chaka cha 1478. Adaphunzira za malamulo, nakhala woweruza milandu wosalandira chiphuphu. M'chaka cha 1529 Mfumu Henry VIII idamuika kukhala nduna yaikulu ya dziko lonse.

Koma mfumuyo idafuna kuleka mkazi wake wa ukwati, Catherine, kuti ikwatire Anne Boleyn. Pamene Papa sadalole kumasula ukwatiwo, mfumu idadziyesa yokha mutu wa Eklezia m'dziko lake. Thomas adatula pansi unduna wake m'chaka cha 1532. Patapita zaka ziwiri adamuitana kuti alumbire kuvomereza zochita za mfumuzo. Iye adakana, ndipo adamtsekera m'ndende ya Tower of London. Mwana wake Margaret adamdandaulira kuti angolumbira, apulumutse moyo. Koma Thomas adadziwa kuti lumbiro ndilo mau onenedwa pamaso pa Mulungu. Adamdula mutu pa 6 July 1535. Papa Pius XI adamlemba m'gulu la oyera m'chaka cha 1935.

M'chaka cha 1966 mbiri yake idaonetsedwa m'kanema wotchedwa A Man for All Seasons. Paul Scofield, amene adasewera ngati Thomas, adalandira mphotho ya Oscar, pakuti adaonetsa bwino lomwe munthu wofatsa, wokonda banja lake, wosaithamangira imfa, koma wosagwedezeka pa choona.

Mkhristu aliyense wolumbira pa guwa kapena pa bwalo la milandu akumbukire munthu ameneyu.