Ray Johnson, Mmisiri wa Zithunzi Zoyenda pa Positi

Ife okhala pa sukulu yogonera komweko tidziwa bwino kukoma kwa kalata. Pamene mkulu wa ophunzira aimirira m'chipinda chodyera nayamba kuitana maina a amene alandira makalata kapena timaphukusi, mtima wa aliyense umagunda, ndipo amene dzina lake silinamveke amabwerera ku nsima yake chete. Ine ndine mmodzi wa iwo amene maina awo samveka kawirikawiri. N'chifukwa chake nditawerenga mbiri ya munthu wina wa ku Amereka amene anatha zaka zake akutumiza makalata kwa anthu, ena osawadziwa n'komwe, ndinati ndikuuzeniko, owerenga anzanga.

Munthuyo ndi Ray Johnson. Anabadwa pa 16 Okotobala, 1927, mu mzinda wa Detroit, kumene amapanga magalimoto. Anakonda kujambula kuyambira ubwana wake, ndipo ali ku sekondale monga ife anali atayamba kale kutumizira mnzake makalata odzaza ndi tizithunzi. M'chaka cha 1945 analowa sukulu ya Black Mountain College ku North Carolina, nakhalako zaka zitatu. Kumeneko anaphunzira kwa Josef Albers, mphunzitsi amene anachoka ku Germany m'masiku a Hitler, ndipo anadziwananso ndi John Cage, wopeka nyimbo.

Atatha maphunziro ananka ku New York, kumene anakhala mwaumphawi, akugwira ntchito m'sitolo ya mabuku. Patapita zaka zowerengeka analeka kujambula ndi utoto monga achitira amisiri ena. Tsono anayamba kudula zithunzi za m'magazini, monga za Elvis Presley ndi James Dean, pamodzi ndi zizindikiro za pa mapaketi a ndudu, nazimata pa makatoni ang'onoang'ono. Tinthu timeneti anatitcha moticos, ndipo nthawi zina analikutiyala m'mbali mwa msewu kuti odutsa ationeko.

Koma chimene chinamtchukitsa ndi ichi. Iye analikujambula kanthu pa pepala, kapena kumatapo chidutswa cha nyuzipepala, naika mu envulopu, natumiza kwa munthu wina. Pa pepalapo analikulemba kuti wolandirayo awonjezepo chake ndi kumbwezera, kapena kuti atumize kwa munthu wachitatu amene dzina lake lalembedwapo. Kawirikawiri anthu awiriwo sanali kudziwana. Motero pepala limodzi linali kuyenda m'manja ambiri, uyu kujambulapo, uyu kudindapo chidindo, uyu kumatapo kanthu, kufikira panalibe wonena kuti chithunzicho n'chake yekha. Alendo analikusanduka mabwenzi chifukwa cha sitampu imodzi. Chizindikiro chake chinali mutu wa kalulu, ndipo kawirikawiri analikulemba dzina la munthu pansi pake. Ndiyesa anasankha bwino, pakuti m'machenjera ndi m'nthabwala anafanadi ndi Kalulu wa m'nthano zathu.

M'chaka cha 1962 mnzake wina, Ed Plunkett, anatcha gulu la olemberanawo New York Correspondence School. Musaganize kuti inali sukulu yonga yathu ino ayi. Inalibe nyumba, inalibe mphunzitsi wamkulu, inalibe fizi kapena mayeso. Aliyense woyankha kalata anali wophunzira wake.

Mwina mufunsa kuti phindu lake linali chiyani. Ku New York zithunzi za amisiri otchuka zimagulitsidwa ndalama zambiri, ndipo eni nyumba zoonetseramo zithunzi ndiwo amasankha woyenera kuonedwa. Johnson analikugulitsako ntchito zake zina, koma za pa positi zinali mphatso. Akulu anati kupatsa n'kuika, ndipo iye anakololadi, pakuti makalata anali kumbwerera kuchokera kutali. Mu 1965 nyuzipepala ya New York Times inamtchula kuti ndiye wodziwika koposa mwa amisiri osadziwika a mu mzindawo.

Pa 3 Juni, 1968, mnzake Andy Warhol anaomberedwa ndi mfuti, ndipo tsiku lomwelo achifwamba anaopseza Johnson ndi mpeni mumsewu. Zimenezi zinamchititsa mantha, nachoka mu mzindawo, nakakhala ku Long Island, potsiriza m'kanyumba ka ku Locust Valley. Koma makalata sanaleke. Mu 1970 nyumba ya Whitney Museum inaonetsa zimene anthu oposa 100 anatumiza pa positi atapemphedwa ndi iye. Mwambowo unafalikira ku Ulaya, ku Japan ndi ku South America, ndipo unakhala ndi malamulo ake: chotumizidwa chilichonse chionetsedwe, pasakhale woweruza, pasakhale malipiro. M'maiko a maboma ankhanza envulopu inali njira yolankhulira ndi akunja, ndipo sinali ntchito yamasewera. Ku Uruguay, Clemente Padín anaponyedwa m'ndende mu 1977 chifukwa cha ntchito yotereyi.

Mu 1973 Johnson analengeza kuti sukulu yake yafa, koma iye mwini anapitirira kutumiza makalata. M'zaka zake zotsiriza analikukana kawirikawiri kuonetsa ntchito zake, ndipo ambiri analikumva mawu ake pa telefoni pokha. Pa 13 Januwale, 1995, anthu anamuona akudziponya m'madzi ozizira kuchokera pa mlatho wa ku Sag Harbor, nasambira chagada kunka kunyanja. Mtembo wake unapezeka m'mawa mwake. Anali ndi zaka 67. M'nyumba mwake anapezamo zithunzi zambirimbiri zosanjidwa bwino, zimene ngakhale mabwenzi ake anali asanazione. Mu 2002 kunatuluka kanema wa moyo wake wotchedwa How to Draw a Bunny.

Imfa imeneyi yandiganizitsa kwambiri. Munthu amene analumikiza anthu mazanamazana anafa ali yekha, ndipo aliyense wa mabwenzi ake anadziwa kambali kochepa chabe ka moyo wake. Kalata ndi yabwino, koma siilowa m'malo mwa kukhala pansi ndi mnzako ndi kumfunsa za mumtima. Tiyeni tiyang'anire anzathu amene amadya ali chete m'chipinda chodyera muja.

Koma ndaphunziranso kuti wofuna kalata ayambe ndiye kulemba. Sabata yatha ndinajambula mutu wa kalulu wopanda makutu, ndi kuutumiza kwa mlongo wanga kumudzi. Ndinampempha kuti aikepo khutu limodzi, ndipo apatse munthu wina amene ine sindimdziwa kuti aikepo linalo ndi kundibwezera. Tsopano mkulu wa ophunzira akaimirira ndi makalata m'manja, nanenso ndimatchera khutu.

Wophunzira wa Fomu 3