MAI FLORENCE NIGHTINGALE NDI MAKALATA ACE A KUMUDZI

Pokumbukira iwo amene anatsegula njira ya kudwazika odwala m'zipatala, sitingathe kupitirira dzina la Florence Nightingale. Ambiri a ife tinamva kusukulu kuti ndiye mai wa nyali, woyendera asilikari odwala usiku. Koma mbiri yace yeniyeni yadziwika ndi makalata amene iye ndi abale ace analemberana, pakuti a banja limenelo sanali kutaya pepala lolembedwa.

Anabadwa pa 12 May 1820 m'mudzi waukuru wa Florence, m'dziko la Italy, makolo ace ali paulendo. Ndipo anamucha dzina la mudziwo. Atate ace, a William Nightingale, anali Mngelezi wacuma, mwini nyumba ziwiri, Lea Hurst ndi Embley. Ana anali nao awiri okha, onse akazi, Parthenope mkuru ndi Florence mng'ono, ndipo anawaphunzitsa okha zinenero ndi mbiri zakale.

Pa 7 February 1837 namwaliyo anamva mumtima mwace kuti Mulungu alikumuitana kukamtumikira, koma nchito yace sanaizindikire msanga. M'caka ca 1845 anapempha kuti akaphunzire unamwino miyezi 3 m'cipatala ca ku Salisbury wa ku Mangalande. Amace, a Fanny, ndi mkuru wace anakana kwa mtu wa galu. Tisafulumire kuwaweruza maiwo, pakuti masiku aja zipatala zinali zauve, ndi anamwino ambiri anali kudziwika ndi kuledzera. Kholo liri lonse likadaopa. Komabe kukana kwao kunadya zaka 6 za moyo wa mwana wao.

M'caka ca 1851 anakhala miyezi 3 ku Kaiserswerth, m'dziko la Germany, kwa Mbusa Theodor Fliedner, amene anali kuphunzitsa akazi kutumikira odwala. Ali komweko analembera amace kuti angakhale zakudya nzosauka ndi nchito njolemetsa, mtima wace wapeza mpumulo. Nawadandaulira kuti amkhulupirire ndi kumdalitsa. M'caka ca 1853 anakhala woyang'anira kacipatala ka akazi mu Harley Street, ku London, ndipo atate ace anampatsa mapaundi 500 caka ndi caka, kuti adziimire yekha.

Tsono m'caka ca 1854 Angelezi ndi Afalansa analowa nkhondo yothandiza Turkey kumenyana ndi Russia ku Crimea. Itamveka mbiri yakuti olasidwa alikufa opanda wowasamala, nduna ya Boma, Sidney Herbert, inalembera Florence kumpempha kuti apite. Pomwepo nkuti iyenso atalemba kale kalata yodzipereka, kotero kuti makalata awiriwo anaphonyana panjira. Ananyamuka pa 21 October ndi anamwino 38. M'piringupiringu wa kumanga akatundu, apabanja anaiwala kadzidzi wace woweta, Athena, nafa. Kwathu kuno tikadati ndi malodza, koma mwini wace anangolira mbalame yace, napita.

Anafika ku Scutari, tsidya lina la Constantinople, pa 4 November, ndipo m'mawa mwace kunamenyedwa nkhondo yaikuru ya ku Inkerman. Cipatalaco cinali nyumba yakale yogonamo asilikari, yomangidwa pamwamba pa ngalande za zonyansa zotsekeka, yodzala makoswe ndi nsabwe. Mizere ya odwala inafika mamailosi 4. Makalata ace a nyengo imeneyo anena pang'ono za nyali. Adzala ndi malaya, sopo, mbale, masupuni ndi maburashi otsukira pansi. Anabwereka nyumba naikamo mbiya zazikuru zowiritsira madzi, nalemba nchito akazi a asilikari kuti azitsuka zobvala za odwala.

Apa ndipo banja lija linatembenuka. Parthenope, amene kale anali kudwala ndi mkwiyo pakumva za unamwino, anasanduka mlembi wa mng'ono wace: anali kulandira mphatso za anthu, kuyankha ofunsa, ndi kulemba kaciwiri makalata a ku Scutari kuti ayende mwa abale onse. M'mwezi wa May 1855 Florence anaoloka kumka ku Balaklava, nagwidwa ndi malungo oopsa, natsala pang'ono kufa. Pamenepo azakhali ace, a Mary Smith, anapita kukakhala naye, ndipo makalata ao ndiwo atiuza zimene mwini wace sanafune kunena: kuti anali kulemba kufikira usiku pakati, m'cipinda cozizira, thupi litatha.

Mwa zolemba za usikuzo munali makalata omka kwa amai ndi akazi amasiye a asilikari omwalira, owauza za matsiriziro a munthu wao. Iye amene anasungapo kalata yotere m'bokosi adziwa kulemera kwace. Ndiponso anali kulandira ndarama za asilikari ofuna kuthandiza kwao, nazitumiza kwa amalume ace, a Samuel Smith, amene anazifikitsa kwa eni ace. Akuru a nkhondo anali kunena kuti msilikari adziwa mowa wokha; koma Boma litatsegula maofesi a nchitoyi, m'miyezi 6 asilikari anatumiza kwao mapaundi 71,000.

Pali cinthu cimodzi cimene nkhani za kusukulu zilumpha. M'nyengo yacisanu yoyamba ija munafa asilikari 4,077 m'cipatala cace, ndipo ocuruka sanafe ndi mabala ai, koma ndi kamwazi, kolera ndi malungo. Imfa inayamba kucepa m'mwezi wa March 1855, pamene Boma linatuma Dr. John Sutherland ndi Robert Rawlinson, natsegula ngalande zija, nakonza madzi akumwa ndi polowera mpweya. Itatha nkhondo Florence anawerenga ziwerengo za akufa pamodzi ndi Dr. William Farr, naona poyera kuti nyumba yomweyo inali kupha anthu. Sanabise zimenezi, zaka zace zotsala anazithera kukakamiza Boma za ukhondo, kawiri kawiri ali gone pakama, ndi colembera m'dzanja.

Anabwera kwao m'mwezi wa August 1856, akudzicha Miss Smith kuti anthu asamzindikire, nafika ku Lea Hurst wapansi. Ndi ndarama zimene anthu anasonkha pomthokoza anatsegula sukulu ya anamwino pa cipatala ca St Thomas, ku London, m'caka ca 1860. Parthenope anakwatiwa ndi Sir Harry Verney m'caka ca 1858, ndipo makalata ambiri a banjalo anasungika m'nyumba yao ya Claydon. Atadwala mkuruyo matenda a nyamakazi, Florence anali kupita kukamdwazika, kufikira anamwalira m'caka ca 1890.

Iye mwini anamwalira pa 13 August 1910, ali ndi zaka 90. Ena anafuna kumuika ku Westminster Abbey, koma abale, potsata cifuniro cace, anakamuika pa manda a makolo ace ku East Wellow, pafupi ndi Embley. Maliro ace anasenzedwa ndi asilikari 6, ndipo pa mwala analembapo F. N., ndi masiku a kubadwa ndi kumwalira kwace.