Red Auerbach, Mmisiri Womanga Timu ya Basiketibolo

Pakati pa anthu amene adatchuka m'masewero a basiketibolo ku America, ndi ochepa amene mbiri yawo ingafanane ndi ya Arnold Jacob Auerbach, yemwe ankatchedwa Red chifukwa cha tsitsi lake lofiira. Munthuyu sadatchuke ndi kuponya mpira ayi, koma ndi diso lake lodziwa mtengo weniweni wa wosewera aliyense.

Auerbach adabadwa pa 20 September 1917 ku Brooklyn, mumzinda wa New York. Bambo wake adali Myuda wochokera ku Minsk, ndipo ankapeza zofunika pakhomo ndi ntchito yochapa zovala. Mnyamatayu adaphunzira pa George Washington University, naphunzitsa pa sukulu za sekondale ku Washington, kenaka adalowa usilikali wa pamadzi pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Nkhondo itatha adaphunzitsa timu ya Washington Capitols kuyambira 1946, ndipo mu 1950 Walter Brown, mwini wake wa Boston Celtics, adamlemba ntchito.

Kuti nzeru za munthuyu zimveke, nkofunika kudziwa dongosolo la mpikisano wa NBA. Chaka ndi chaka matimu amasankha motsatana anyamata ochokera m'makoleji, ndipo matimu amene sadachite bwino ndiwo amayamba kusankha. Mpata wosankhawo uli ngati chuma: timu ikhoza kuusinthanitsa ndi wosewera wa timu ina. Pakutha pa nyengo, matimu ochita bwino amalowa m'masewero ochotsana, ndipo wotsala yekha ndiye amatenga chikho.

Kwa zaka zisanu ndi chimodzi Boston inkafika m'masewero ochotsanawo koma nkugwa panjira. Inali ndi akatswiri omwetsa monga Bob Cousy, Bill Sharman ndi Ed Macauley, komabe inkasowa munthu wamtali wotchinga adani ndi kulanda mpira ukaphonya dengu. Auerbach adaona kuti popanda mpira m'manja, luso lonse la omwetsa lili chabe.

Motero mu 1956 adachita chinthu chofuna kulimba mtima. Adapereka Macauley pamodzi ndi Cliff Hagan ku St. Louis Hawks kuti apeze Bill Russell, mnyamata wa ku University of San Francisco amene adali asanasewerepo mu NBA. Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, koma Auerbach adataya wa pamphuno natsata wosaoneka. Russell adayamba wapita ku masewero a Olympic ku Melbourne, nafika ku Boston mu December. Mu 1957 Boston idatenga chikho chake choyamba pogonjetsa St. Louis yomweyo. Chaka chotsatira St. Louis idabwezera, Russell atavulala mwendo, zomwe zidasonyeza kuti anthu amene adaperekedwa aja sadali mankhusu. Koma kuyambira 1959 mpaka 1966 Boston idatenga chikho kasanu ndi katatu motsatizana.

Timu imeneyi siyidamangidwe pa munthu mmodzi. Aliyense adali ndi ntchito yake: wina kulanda mpira, wina kugawa, wina kumwetsa. Auerbach adali ndi chizolowezi chosunga katswiri mmodzi pa benchi, monga Frank Ramsey ndipo pambuyo pake John Havlicek, kuti alowe adani atayamba kutopa. Khungu la munthu sadaliwerenge, ngakhale tsankho linali lalikulu m'dzikomo. Mu 1950 Boston idasankha Chuck Cooper, munthu wakuda woyamba kusankhidwa m'dongosolo lija. Mu December 1964 idayamba masewero ndi osewera asanu onse akuda, ndipo Auerbach posiya uphunzitsi mu 1966 adapereka udindowo kwa Russell, amene adakhala mphunzitsi wakuda woyamba mu NBA.

Atakhala mkulu woyendetsa timu, luso lake silidazilale. Mu 1978 adasankha Larry Bird ngakhale ankadziwa kuti mnyamatayo akhalabe pa Indiana State University chaka china, ndipo adamdikira moleza mtima. Mu 1980 Boston inali ndi mpata woyamba wosankha, umene timu iliyonse imausirira. Auerbach adaupereka ku Golden State Warriors pamodzi ndi mpata wa nambala 13, nalandira Robert Parish ndi mpata wachitatu, umene adasankhira Kevin McHale. Bird, Parish ndi McHale adabweretsa chikho mu 1981, 1984 ndi 1986.

Koma nzeru za munthu zili ndi malire. Mu 1984 adapereka Gerald Henderson ku Seattle posinthana ndi mpata wosankha wa mu 1986, pofuna kupeza wolowa m'malo mwa akatswiri amene tsiku lina adzakalamba. Mpatawo udagwera Len Bias wa ku University of Maryland. Patangopita masiku awiri chisankhidwire, Bias adamwalira chifukwa cha mankhwala ozunguza bongo a cocaine. Imfayi idasweka nayo mtima timu yonse, ndipo Boston siyidatengenso chikho mpaka 2008, Auerbach atatsikira kale kuli chete.

Auerbach adamwalira pa 28 October 2006 ku Washington ali ndi zaka 89. Adasiya zikho 16, zisanu ndi zinayi monga mphunzitsi ndi zisanu ndi ziwiri monga woyendetsa timu. Ambiri amakumbukira ndudu yaikulu imene ankayatsa akaona kuti chipambano chatsimikizika. Komabe chosiya chake chenicheni ndi funso limene linkamtsogolera posinthana osewera: osati kuti munthuyu amamwetsa kangati, koma kuti timuyi ikusowa chiyani, ndipo angatseke mpatawo ndani.