Mai Rosa Parks, Mwana wa Mphunzitsi (1913-2005)

Rosa McCauley anabadwa pa 4 February 1913 ku Tuskegee, m'cigawo ca Alabama ku Amereka. Atate wace anali mmisiri wa matabwa, ndipo amace, a Leona, anali mphunzitsi wa sukulu za kumidzi. Rosa anakulira kwa agogo ace ku Pine Level, ndipo amene anayamba kumphunzitsa kuwerenga ndi amace omwewo.

Masiku amenewo malamulo a Alabama analekanitsa anthu akuda ndi Azungu m'sukulu, m'zipatala, ngakhale pomwera madzi. Ana a Azungu anali kupita ku sukulu pa basi, koma Rosa ndi anzace anali kuyenda pansi, basiyo ndi kumawapitirira pa njira. Atafika zaka 11 amace anamtumiza ku mzinda wa Montgomery, ku sukulu ya asungwana imene anaiyambitsa akazi acizungu ocokera kumpoto. Kumeneko anaphunzira kusoka, naphunziranso kuti munthu sayenera kudzipeputsa cifukwa ca khungu lace. Maphunziro a pamwamba anawasiyira pa njira kuti adwazike agogo ace, kenaka amace, koma atakwatiwa ndi Raymond Parks mu 1932, mwamuna waceyo anamlimbikitsa kufikira anawatsiriza.

Mu 1943 Mai Parks analowa bungwe la NAACP, lomenyera ufulu wa anthu akuda, nasankhidwa kukhala mlembi wa nthambi ya Montgomery. Zaka 12 anagwira nchito yosaonekera imeneyi: kulemba madandaulo a anthu ozunzidwa, kufunafuna mboni, ndi kulangiza acinyamata. Cakudya ca pa nyumba anali kucipeza ndi nchito ya utelala.

M'mabasi a mzindawo mipando ya kutsogolo inali ya Azungu, ya kumbuyo ya anthu akuda. Pa mipando ya pakati wakuda anali kukhala pokha pokha ngati panalibe Mzungu woimirira. Akakhalapo, mzere wonse unayenera kunyamuka. Madzulo a pa 1 December 1955, pocokera ku nchito, Mai Parks anakhala pa mpando wa pakati. Basi itadzaza, woyendetsa, James Blake, analamula anthu anai kuti acoke. Atatu anamvera, koma iwo anakana mwaulemu, nakhala cikhalire kufikira apolisi anadzawagwira. Ambiri amayesa kuti anakana cifukwa ca kutopa kwa thupi. Iai, anali ndi zaka 42 cabe, ndipo cimene anatopa naco ndico kugonjera cipongwe.

Mlanduwo usanazengedwe, mphunzitsi wina, Mai Jo Ann Robinson wa pa Alabama State College, anacezera usiku wonse pamodzi ndi ophunzira awiri kusindikiza zikwi za timapepala topempha anthu kuti asakwere basi. Pa 5 December Mai Parks anawalipiritsa madola 14, ndipo tsiku lomwelo mabasi anayenda opanda anthu akuda. Motsogozedwa ndi mbusa wa zaka 26, Martin Luther King, anthu anayenda pansi ndi kunyamulana pa magalimoto ao masiku 381. Pa 13 November 1956 Bwalo Lalikulu la Amereka, poweruza mlandu wa akazi ena anai, linagamula kuti tsankho la m'mabasi linali kuswa malamulo a dziko, ndipo pa 21 December anthu anakweranso, yense nakhala pamene anafuna.

Koma mwini nkhani anasauka nazo. Nchito inawathera, iwo ndi amuna ao omwe, ndipo adani anali kuwaopseza kuti adzawapha. Mu 1957 anasamukira ku Detroit, kumene anabvutika ndi umphawi ndi matenda, kufikira mu 1965 pamene phungu wa nyumba ya malamulo, John Conyers, anawalemba nchito mu ofesi yace. Anagwira mpaka 1988. Anamwalira pa 24 October 2005 ali ndi zaka 92, ndipo anali mkazi woyamba amene mtembo wace unagonekedwa mwaulemu m'nyumba ya Capitol ku Washington.

Akulu amati mmera mpoyamba. Kulimba mtima kumene dziko linakuona m'basi muja kunabzalidwa kale ndi mphunzitsi wa kumudzi, m'mwana amene anali kupita ku sukulu pansi. Mphunzitsi amene masiku ena amagwa mphwai poona ana ocepa ndi mabuku ong'ambika akumbukire Mai Leona, cifukwa sadziwa cimene mwana wokhala pa benci la kumbuyo adzacita.