Malemu Enoch Sontonga, Mphunzitsi ndi Wopeka Nyimbo

Pa tsamba lino la lipoti la Bungwe lathu tikumbukira Bambo Enoch Sontonga, Mxhosa wa ku South Africa, amene nchito yao inakula koposa mbiri yao.

Iwo anabadwira ku Uitenhage ca m'ma 1873, ndipo atakula anakhala mphunzitsi pa sukulu ya mishoni ya Methodist ku Nancefield, kufupi ndi Johannesburg. Pokhala munthu wokonda kuimba, anali kupekera ana a sukulu nyimbo, nazilemba m'kabuku kao. M'caka ca 1897 anapeka Nkosi Sikelel' iAfrika, imene inaimbidwa poyera koyamba m'caka ca 1899 pa mwambo wodzoza mbusa.

Anamwalira pa 18 April 1905, ali ndi zaka ngati 32, asanaone kumene nyimboyo idzafika. Oimba a sukulu ya Ohlange, ya Bambo John Dube, anaifalitsa m'mizinda yambiri. M'caka ca 1925 African National Congress inaisankha kukhala nyimbo yotsekera misonkhano yace, ndipo Tanganyika mu 1961 ndi Zambia mu 1964 anatenga maimbidwe ace popanga nyimbo zao za fuko.

Komatu manda a mwini nyimboyo, ku Braamfontein, anaiwalika zaka zambirimbiri, kufikira m'caka ca 1996 pamene Boma linaikapo cikumbutso. Ici citilangize ife a m'boma lino. Aphunzitsi amene alera ana athu m'sukulu za m'midzi tiwalemekeze ndi kuwathandiza akali moyo, pakuti ulemu wa pa manda mwini wace saumva.