MBUSA JOHN CURWEN, MUNTHU AMENE ADATISIYIRA DO RE MI

Anzanga, ambiri a ife tidaphunzira kuimba poyang'ana zilembo d, r, m, f, s, l, t zolembedwa ndi choko pa bolodi. Koma ndi owerengeka amene amamudziwa munthu amene adafalitsa njira imeneyi. Choncho ndati ndikufotokozereni mbiri yake m'kalata yathu ino.

John Curwen adabadwa pa 14 November, 1816 ku Heckmondwike m'dziko la Mangalande. Iye adali mbusa wa mpingo wa Congregational, osati katswiri wa nyimbo. Chimene chinkamuvutitsa mtima chidali ana a Sande sukulu, makamaka ana a anthu osauka. Anawa ankangoimba moloweza chifukwa manotsi a pa mizere isanu adali ovuta kuwerenga, ndipo makolo awo sakadatha kulipira mphunzitsi wa nyimbo. M'chaka cha 1841 msonkhano wa aphunzitsi a Sande sukulu umene udachitikira ku Hull udamutuma kuti apeze njira yapafupi yophunzitsira ana kuimba.

Pofufuzapo adapeza njira ya Mayi Sarah Glover, mphunzitsi wa ku Norwich, amene ankagwiritsa ntchito zilembo m'malo mwa manotsi. Curwen adaikonza njirayi, naisindikiza m'buku m'chaka cha 1843. Ubwino wake ndi woti do amasuntha. Nyimbo ikwere kapena itsike, mwana amangogwira do, mawu enawo nkumawapeza kuchokera pamenepo. Sipafunika piyano, ndipo makina wamba osindikizira mabuku amatha kulemba zilembozo pa mtengo wotsika. Pambuyo pake adawonjezera zizindikiro za manja zosonyeza liwu lililonse.

M'chaka cha 1863 adatsegula malo osindikizira mabuku ku Plaistow, ndipo mu 1864 adatula pansi ubusa kuti adzipereke kwathunthu pa ntchitoyi. Nyumba ya koleji yake ya Tonic Sol-fa idatsegulidwa ku Forest Gate mu London m'chaka cha 1879. Iye adamwalira pa 26 May, 1880.

Amishoni ndiwo adabweretsa njirayi kuno ku Africa. Enoch Sontonga wa ku South Africa adalemba Nkosi Sikelel' iAfrika m'zilembo zomwezi mu 1897, ndipo makwaya a m'mipingo ndi m'sukulu za kuno kwathu adakulira momwemo.

Curwen sankafuna kupanga akatswiri. Iye ankakhulupirira kuti kuimba pamodzi kumaumba khalidwe la mwana, ndipo ine ndikugwirizana naye. M'kwaya mwana amaphunzira kumvera mnzake, kudikira nthawi yake, kuwerenga mabiti ndi kuimirira pagulu mopanda mantha. Wolemera ndi wosauka amaima mzere umodzi. Pa zaka zanga m'boma ndaona kuti misonkhano yambiri imayenda bwino kapena kusokonekera pa zinthu zomwezi, kumvetsera ndi kudikirana.

Nkhawa yanga ndi yakuti mayeso akayandikira, nthawi ya kwaya ndi imene imayamba kudulidwa. Ndikupempha kuti pa msonkhano wathu ukubwerawu tikambirane zogulira ana a pa sukulu yathu mabuku a nyimbo, ndiponso kuti ena mwa ife amene tidali m'kwaya tidzipereke kukawaphunzitsa Loweruka. Bolodi ndi choko zilipo kale. Chatsala ndi ife.